Ulendo wa kumpoto pa galimoto yanu: yambani mwaganizira Chiweta

Munthu akabwera ku galaja n'kunena kuti, "Amakaniko, tandithirireni oilo watsopano, Loweruka ndikupita ku Chitipa," sindithamangira kutsegula boneti. Ndimayamba ndafunsa kuti adzera njira iti, mukhala anthu angati, katundu ndi wochuluka bwanji, ndiponso ngati akufuna kukapatukira ku Nyika kapena ku Livingstonia. Ena amaona ngati ndikuwachedwetsa. Koma galimoto sitiikonzera ulendo wonse mofanana. Timaikonzera malo ovutitsitsa a ulendowo, chifukwa ndi pamene chilichonse chofooka chimaonekera, ndipo kumpoto malo oterewa ali patali ndi sitolo ya zipangizo.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Mzuzu pa msewu wa M1, kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, ndi makilomita pafupifupi 360. Mzuzu mpaka Karonga ndi cha m'ma 220, ndipo Karonga mpaka Chitipa ndi cha m'ma 100. Mukaphatikiza mukuyandikira 700. Papepala zikuoneka ngati za tsiku limodzi, ndipo alipo amene amatero, koma ine sindilangiza munthu wonyamula banja kuchita zimenezo. Gonani ku Mzuzu. Mu June ndi July mdima umagwa 6 koloko isanakwane, ndipo msewu wa kumpoto usiku uli ndi zake: njinga zopanda nyali, anthu oyenda m'mphepete mwa phula, ndi malole ofa amene chizindikiro chake ndi nthambi zamasamba zoyalidwa pamsewu. Nthambi zimenezo masana mumaziona muli patali. Usiku mumaziona mutaziponda kale.

Ku Chikangawa vuto ndi chifunga. Msewu umakwera m'mapiri a Viphya, pakati pa nkhalango ya paini, ndipo m'mawa kapena kukagwa mvula mumatha kulephera kuona galimoto imene ili patsogolo panu pomwepa. Ambiri akalowa m'chifunga amayatsa nyali zowala kwambiri, poganiza kuti aona patali. Zimenezo zimangokuthobwani m'maso, chifukwa kuwalako kumagunda timadontho ta madzi n'kubwerera kwa inu. Yatsani nyali zotsika, chepetsani liwiro, ndipo musapitirire lole ya matabwa pamalo pamene simukuona mapeto a msewu. Musananyamuke onetsetsani kuti mawaipa akupukuta bwino ndiponso kuti nyali zakumbuyo zonse zikuyaka, poti wobwera m'mbuyo mwanu akudalira zimenezo.

Tsopano Chiweta. Mukadutsa Ekwendeni ndi Phwezi, msewu umatsata chigwa cha South Rukuru, kenako umayamba kutsetsereka mokhotakhota mpaka kunyanja. Mzuzu ili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Mbali yaikulu ya kusiyana kumeneku mumaitsika pa kamtunda kochepa, muli pakati pa mathiraki ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha.

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. M'tauni mumaponda pang'ono n'kusiya, ndiye amapeza mpata wozizira. Pamtsetse wautali, phazi likangokhala pa buleki osachoka, kutentha kumaunjikana mpaka zinthu ziwiri zimachitika. Choyamba, mapadi akapsa amasiya kugwira: mukuponda mwamphamvu, pedulo ndi yolimba, koma galimoto ikungopita, ndipo mumamva fungo la chinthu chopserera. Chachiwiri n'choopsa kuposa pamenepa. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Mukaponda, pedulo imangolowa mpaka pansi osagwira kanthu. N'chifukwa chake timati mafuta amenewa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Galimoto zambiri zimene timagula zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, eni ake sanawasinthepo chigulireni. Amasintha oilo wa injini mokhulupirika, koma kabotolo ka mafuta a mabuleki kali bii ngati tiyi wopanda mkaka.

Mankhwala ake ndi giya. Musanayambe kutsika, muli pamwamba pomwe, ikani giya yotsika, yachiwiri kapena yachitatu, kuti injini ndiyo izigwira galimoto. Ngati ndi otomatiki, chotsani pa D muike pa 2, L kapena B, malinga ndi zimene zalembedwa pa galimoto yanu. Injini ilira mokweza, musaope, siikuonongeka. Buleki muziponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, liwiro likatsika n'kusiya. Ndipo chonde, khalidwe loika galimoto pa fulii pofuna kupulumutsa mafuta lisiyeni kunyumba. Galimoto za masiku ano zikamatsika zili m'giya phazi lili pambali, kompyuta yake imadula yokha mafuta opita ku injini, kotero amene waika pa fulii ndiye akuwotcha mafuta ambiri, kwinaku atataya chomugwira. Mukamva fungo la mabuleki, imani pamalo otambasuka mudikire azizire okha. Osawathira madzi, chitsulo chotentha chimapindika. Anyani amene amakhala m'mbali mwa msewuwu adzabwera kudzakuonani. Tsekani mawindo ngati muli ndi nthochi pampando.

Pobwerera, phiri lomwelo limayesa mbali ina ya galimoto. Kukwera mwapang'onopang'ono kumbuyo kwa thiraki, katundu ali thoo, injini imagwira ntchito yaikulu pamene mphepo yolowa mu radiyeta ndi yochepa. Apa ndi pamene fani yofooka, paipi yofewa kapena chivundikiro cha radiyeta chotha mphamvu zimadziulula. Diso likhale pa geji ya kutentha. Ikayamba kukwera, zimitsani AC, ndipo ikapitirira imani. Musatsegule radiyeta injini ili yotentha. Madzi ake amatumpha n'kukuwaulani kumaso. Dikirani mpaka muthe kugwira paipi ndi dzanja.

Kuchokera ku Chiweta kudzera ku Chitimba, Chilumba mpaka ku Karonga ndi chigwa, kotentha, nyanja ili kudzanja lamanja. Kuno adani ndi maenje a pamsewu, ng'ombe zimene zimaoloka nthawi imene zafuna, ndi njinga. Nthawi yokolola mupezanso mpunga utayanikidwa m'mphepete mwa phula. Ndi dera limene limadya matayala, choncho tiyeni tinenepo za matayala.

Anthu amayang'ana mapanga a tayala okha, akaona kuti akadali akuya n'kukhutira. Koma tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda. Pambali pake pali manambala anayi otsatira malemba akuti DOT. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, makamaka la kaunjika limene simukudziwa kumene lakhala, ndi loyendera m'tauni, osati lopita nalo ku Karonga mu October phula likutentha. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, motsata kapepala kamene kamamatidwa pa chimango cha chitseko cha dalaivala, ndipo kapepalako kamapereka mlingo wina wa galimoto yodzaza. Tayala lochepa mpweya ndi limene limaphulika, chifukwa limapindikapindika m'mbali n'kutentha. Kenako tsegulani kumbuyo muone sipeya. Ma Sienta, ma Vitz ndi anzawo ambiri amabwera ndi katayala kowonda kongokufikitsani pa galaja yapafupi, kosayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola, ndipo ena alibiretu. Gulani limu ndi tayala lofanana ndi enawo. Yesaninso jeke ndi sipanala ya mawilo muli pakhomo: manati omangidwa ndi makina ku galaja nthawi zina samasuka ndi kasipanala kobwera ndi galimoto, ndipo ndi bwino kuzidziwa muli ku Area 25 kusiyana ndi kukazidziwira pakati pa Karonga ndi Chitipa, m'mapiri a kufupi ndi mgodi wa Kayelekera.

Msewu wa Karonga-Chitipa uli ndi phula, wokhotakhota ndi wokwera, ndipo za giya zija zimagwiranso ntchito pobwerera.

Za mafuta lamulo langa ndi losavuta: mukadutsa Kasungu, geji isatsike kupitirira theka. Pamene mwapeza mafuta, thirani, ngakhale muone ngati akadalimo. Tonse tikudziwa mmene mizere ya mafuta yakhala ikuvutira m'zaka zapitazi, ndipo thanki ya pa boma laling'ono ikauma imatenga nthawi kuti ilandire ena. Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndi a pangozi basi. Ena amasakaniza ndi parafini kapena amakhala ndi zinyalala zimene zimatseka sefa ndi kuononga pampu. Ngati mukufuna kunyamula apadera m'chigubu, dziwani kuti pa nthawi ya kusowa kwa mafuta bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la MERA lakhala likuletsa kugulitsa m'zigubu popanda chilolezo, choncho funsani msanga. Chigubucho chikhale chopangidwira mafuta, osati chimene munali mafuta ophikira, ndipo chisakhale m'kati momwe mwakhala ana.

Nkhani ya mafuta imakula mukaganiza zokwera ku Nyika. Pakiyi, imene inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, mumailowera ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pa chipata cha Thazima, kenako makilomita ena pafupifupi 60 kukafika ku Chelinda, kumene kuli malo ogona alendo. Kuchokera pa boma la Rumphi ndi makilomita opitirira 100, ambiri mwa iwo a fumbi, ndipo amadya maola angapo. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti galimoto yanu imayenda makilomita 12 pa lita pa phula. Pa msewu wa fumbi wokwera, muli m'giya yachiwiri ndi yachitatu, musadabwe ikatsika kufika pa 8. Kupita ndi kubwerera, kuphatikizapo kuzungulira m'pakimo kukaona mbidzi ndi ntchefu, mutha kukwanitsa makilomita 320. Amenewo ndi malita 40, thanki yonse ya galimoto yaing'ono. Thirani modzadza ku Mzuzu, muonjezere ku Rumphi, ndipo musadalire kukapeza mafuta kumtundako.

Kumeneko mudzaonanso kuti galimoto yafooka. Sikuti yaonongeka. Chelinda ili pamwamba kupitirira mamita 2,000, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera. Sefa ya mpweya ikakhala yotsekeka ndi fumbi, kufookako kumawirikiza. Kunena zoona, ku Nyika n'kwa galimoto yokwera m'mwamba, ndipo nthawi ya dzinja n'kwa yokoka mawilo onse anayi. Mwini Sienta akhoza kukafika mu August, koma akabwerako ndimakhala ndi ntchito ya ma shock absorber ndi ekizozi. Chipata chimatsekedwa madzulo, choncho nyamukani ku Rumphi dzuwa lisanapendeke. Tengani majuzi ndi mabulangete. Mu June ndi July kumagwa chisanu choti udzu umachita kuyera m'mawa, ndipo batire lotopa limakanira pomwepo.

Ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, njira yotchuka ndi ya Gorodi yochokera pa Chitimba: makilomita pafupifupi 15, makona akuthwa cha m'ma 20, phompho lili pambali. Ngati simunazolowere misewu yotere, siyani galimoto kumunsi mukwere ya anthu a komweko, kapena mufunse za njira yodzera mbali ya Rumphi. Palibe manyazi pamenepo.

Nyengo yabwino ya ulendo wonsewu ndi kuyambira May mpaka October. Kumpoto mvula imachedwa kusiya, ndipo ku Karonga mitsinje imasefukira ngakhale mu March ndi April. Njira ya kunyanja ya M5, yodzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndi yokongola, koma dzinja milatho yake imavuta. Safunsa anadya phula: madalaivala a minibasi pa depoti ya Mzuzu amadziwa za msewu wa lero kuposa mapu a pafoni. Mukapeza madzi akuyenda pamwamba pa msewu, musayese mwayi. Injini ikamwa madzi kudzera kolowera mpweya, zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo, ndipo imeneyo si ntchito yokonzera m'mbali mwa msewu.

Mapepala akhale pafupi: laisensi, inshuwalansi ndi COF zosatha masiku, ndi matirayango awiri, poti marodibuloko ngati wa pa Jenda simungawalambalale. M'buti muikemo pampu ya mpweya, zingwe zolumikizira batire, chingwe chokokera, tochi, lita ya oilo, fani beluti yapadera, mafyuzi, waya pang'ono, ndi madzi malita osachepera 10, akumwa ndi a radiyeta. Tengani makadi a foni a TNM ndi Airtel onse awiri, chifukwa pamene wina wathawa wina nthawi zina amagwira, komanso ndalama zapamanja, poti wokuthandizani kukankha galimoto m'matope kapena womata tayala pa kamsika sadikira netiweki. Wachibale mmodzi adziwe njira imene mwadzera ndi nthawi imene akuyembekezereni.

Galimoto ipite ku galaja kutatsala sabata, osati dzulo lake la ulendo. Chimene makaniko wamasula n'kumanganso chimafuna masiku angapo oyenda m'tauni kuti muone ngati pali podontha kapena nati yosamangitsa, mukadali pafupi ndi amene anaigwira.