Dippy wa ku London: mafupa a pulasitala amene anachoka pakhomo n'kuyamba kuyendayenda

Mu January 2015 akuluakulu a Natural History Museum ku London analengeza kuti achotsa Dippy, chimango cha mafupa a dayinoso (nyama yaikulu yakalekale imene inatha), m'chipinda chachikulu cholowera alendo, ndipo m'malo mwake apachika mafupa a namgumi. Anthu anawawidwa mtima ngati auzidwa za maliro. M'masiku ochepa anthu oposa 20,000 anasaina chikalata chopempha kuti chilombocho chisasunthidwe. Chodabwitsa n'chakuti Dippy alibe fupa lenileni ngakhale limodzi. Thupi lake lonse ndi pulasitala, yofanana ndi ija amamangira chikhakha munthu akathyoka mkono.

Mafupa enieni anakumbidwa mu 1899 ku Wyoming, ku America, ndi gulu limene linkalipiridwa ndi Andrew Carnegie, mpondamatiki wa zitsulo wobadwira ku Scotland. Anali a dayinoso wa khosi ndi mchira wautali, ndipo mu 1901 katswiri wa mafupa akale John Bell Hatcher anautcha mtunduwo Diplodocus carnegii polemekeza mwini ndalama. Mafupawo ali ku Carnegie Museum ku Pittsburgh mpaka lero. Mu 1902 Mfumu Edward VII ya ku Britain inacheza kunyumba ya Carnegie ku Skibo, ku Scotland, inaona chithunzi cha chilombocho, ndipo inasirira kuti London nayo ikhale nacho. Popeza mafupa otere sapezeka mwachisawawa, amisiri a ku Pittsburgh anapanga zikombole za fupa lililonse n'kuthiramo pulasitala, monga mmene woumba njerwa amatulutsira njerwa zofanana m'chikombole chimodzi. Panatuluka zidutswa 292, zimene zinawoloka nyanja m'mabokosi 36, ndipo pa 12 May 1905 anthu anayamba kuziona zitalumikizidwa, kutalika kwake kopitirira mamita 20. Zikombole zomwezo zinatulutsanso abale a Dippy amene anapita ku Berlin, Paris, Vienna, Bologna, St Petersburg, La Plata ndi Madrid.

Ambiri mwa amene ankadandaula mu 2015 ankaganiza kuti Dippy wakhala pakhomopo chiyambire. Si zoona. Nyumbayo, imene anailemba mapulani ndi Alfred Waterhouse, inatsegulidwa mu 1881, ndipo m'chipinda cholowera munakhalapo mafupa a namgumi wina, kenako njovu. Dippy anayambira m'chipinda cha zokwawa, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anaphwasulidwa n'kubisidwa m'zipinda zapansi kuopa mabomba, ndipo pakhomo anafikapo mu 1979. Ngakhale kaimidwe kake kanasinthidwa. Poyamba mchira unkakwakwaza pansi, koma akatswiri ataona kuti m'malo amene muli mapazi a nyama zimenezi simupezeka mkukuluzi wa mchira, mu 1993 anaukweza m'mwamba. Choncho chimene anthu ankati n'chachikhalire chinali chitangokhala zaka 36. Koma zaka 36 n'zokwanira kuti mwana amene anabwera ndi sukulu abwerenso atagwira dzanja la mwana wake, ndipo mkwiyo unachokera pamenepo.

Akuluakulu a myuziyamu anali ndi mfundo yawo. Ankafuna kuti mlendo akangolowa aone chinthu chenicheni, cha nyama imene ilipobe ndipo anthu anatsala pang'ono kuitha. Namgumi amene anasankha anafera m'mphepete mwa nyanja ku Wexford, ku Ireland, mu 1891, ndipo mafupa ake ndi otalika mamita 25.2. Anamutcha Hope, n'kumuonetsa koyamba pamalo atsopanowo mu July 2017 atapachikidwa kudenga, kukamwa kuli yasa. Dippy anali atatsitsidwa kale mu January chaka chomwecho. Pofuna kuziziritsa mitima, komanso poyankha dandaulo lakalekale lakuti chuma cha dziko lonse chimangounjikana ku London, anaganiza zomusandutsa chionetsero choyendayenda.

Kusandutsa chinthu chokhazikika kukhala choyenda si ntchito yongomasula mabawuti. Pulasitala wa zaka zoposa 100 ndi wosachedwa kuthetheka, amamwa fumbi, ndipo zitsulo zimene zili mkati zikachita dzimbiri zimafufuma n'kung'amba chidutswa kuchokera mkati. Madzi ndi mdani wake, motero amamuyeretsa ndi maburashi ofewa ndi makina oyamwa fumbi. Asanachotse chidutswa, amachijambula, kuchipatsa nambala, n'kulemba mng'alu uliwonse umene chili nawo. Zitsulo zakale zogwiriziza Dippy zinapangidwa kuti aime pamalo amodzi, choncho anamukonzera zatsopano zotheka kumasula ndi kumanganso kambirimbiri. Mafupa ang'onoang'ono amawamangirira pamodzi m'zigawo kuti manja a anthu asamakhudze lililonse palokha, chifukwa kuwonongeka kwambiri kumachitika pogwira, osati pamene chinthu chili phee pachionetsero.

Pomanga mafupa a nyama yotere, amisiri amayambira pachiuno ndi miyendo yakumbuyo, pakuti ndi pamene pamatsamira kulemera konse. Kenako amalumikiza msana, ndipo khosi ndi mchira amazitalikitsa mosinthanasinthana kuti mbali imodzi isalemere n'kupendeketsa chimango. Nthiti zimabwera pambuyo. Malo olandira amayesedwa kale: kukula kwa zitseko, pokhota m'makonde, kutalika kwa denga, ndi mphamvu ya pansi ponyamula chilombocho pamodzi ndi makina okwezera ndi khamu la anthu. Nthawi zambiri chimene chimalepheretsa malo kulandira chionetsero chachikulu si chipinda chenichenicho, koma khomo lolowetsera katundu limene bokosi lalitali silingakhotemo.

Ulendo unayambira ku Dorset County Museum ku Dorchester mu February 2018, m'dera la gombe lodziwika ndi mafupa akale. Kuchoka apo anapita ku Birmingham, ku Ulster Museum ku Belfast, ku Kelvingrove ku Glasgow, ku Newcastle, ku Cardiff, ku Rochdale, n'kutsirizira ku Norwich. Malo awiri omalizawo sanali ma myuziyamu. Ku Rochdale anaima m'nyumba ya maofesi a khonsolo, ndipo mliri wa Covid-19 unamupeza komweko mu March 2020, zitseko n'kutsekedwa. Ku Norwich anakafika mu 2021, mochedwa ndi chaka, ndipo anaima mkati mwa tchalitchi chachikulu cha Anglican, mapemphero akupitirira m'nyumba yomweyo. Anthu oposa 2 miliyoni anamuona pa ulendowo, osalipira polowa. Atabwerera ku London mu 2022 kwa miyezi ingapo, anthu ena oposa 1 miliyoni anabwera kudzamuona, ndipo mu February 2023 anabwereketsedwa ku Herbert Art Gallery and Museum ku Coventry.

Dippy anatha kuima m'tchalitchi chozizira ndi m'maofesi a khonsolo chifukwa chakuti ndi pulasitala. Zinthu zenizeni zachilengedwe zimavuta kubwereketsa kuposa pamenepo, ndipo malamulo ake ndi okhwima. Nthenga, ubweya, agulugufe ndi masamba ouma zimafwifwa ndi kuwala, ndipo mtundu ukachoka subwereranso. N'chifukwa chake kuwala pa zinthu zotere kumasungidwa pafupi ndi 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), kumene kwa mlendo kumaoneka ngati chisisira cha madzulo. Kufwifwako kumaunjikana, moti chinthu chikaonetsedwa miyezi 6 chimabwezedwa mumdima kwa nthawi yaitali. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zionetsero zina zimakhalira zakanthawi: si kufuna kwa okonza, koma kuti zinthuzo sizingapirire kupitirira apo.

Chinyontho cha mumpweya chimasungidwa pakati pa 40 ndi 60 peresenti, ndipo choopsa kwambiri ndi kukwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Minyanga ndi mano zimang'ambika mpweya ukauma msanga. Chinyontho chikapitirira 65 peresenti kwa nthawi, zikopa zimachita nkhungu. Mafupa akale amene muli mwala wa pyrite ali ndi vuto lawolawo: chinyontho chikakwera, mwalawo umasintha, umatulutsa asidi ndi ufa wachikasu kapena woyera, ndipo fupa limafufuma mpaka kuyoyoka, n'kudyanso ndi kapepala kolembapo dzina lake. Bokosi likafika pamalo atsopano salitsegula nthawi yomweyo, amalisiya pafupifupi maola 24 kuti za mkati zizolowere mpweya wa m'nyumbamo pang'onopang'ono. Akalitsegula, woperekeza katundu wochokera kwa eni ake ndi wolandira amayang'ana chinthucho limodzi, akuyerekeza ndi zimene zinalembedwa ponyamuka, kuti mng'alu watsopano ukapezeka zidziwike kuti wachitikira m'manja mwa yani.

Pali tizilombonso. Njenjete ndi mphutsi za tizikumbu timene timadya ubweya zimawononga nyama zoumitsidwa monga mmene anankafumbwe amathera chimanga m'nkhokwe, ndipo zimayambira m'malo obisika, kunsi kwa mapiko kapena pakati pa zala. Kale ankapaka zikopa mankhwala a poizoni a arsenic, n'chifukwa chake nyama zakale zoumitsidwa sazigwira ndi manja osavala. Masiku ano chinthu chochokera kwina amachikulunga m'pulasitiki wosalowa mpweya n'kuchiika mufiriji pa madigiri 30 kunsi kwa ziro kwa masiku atatu, kapena pa madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Akachitulutsa sachimasula mpaka chitafunda, apo ayi mame amagwera pachinthucho m'malo mogwera papulasitiki.

Nkhani ya ndalama nayo ili pakati. Kuyambira December 2001 kulowa m'ma myuziyamu akuluakulu a boma ku Britain n'kwaulere, koma zionetsero zapadera amaloledwa kulipiritsa. Ku Natural History Museum chodziwika kwambiri ndi cha mpikisano wa zithunzi za nyama, Wildlife Photographer of the Year, umene unayamba mu 1965 ndipo myuziyamuyi inalowamo mu 1984. Zithunzi n'zosavuta kutumiza, zimatha kuonetsedwa m'mayiko angapo nthawi imodzi. Mu 2023 anabweretsanso Patagotitan wa ku Argentina, dayinoso wotalika mamita 37, ndipo anthu analipira kuti amuone. Nayenso anali woumbidwa m'chikombole. Myuziyamu imene inachotsa Dippy pofuna chinthu chenicheni pakhomo inadzazanso chipinda ndi mafupa oumba patangotha zaka 6.

Funso la amene asunge chenicheni ndi amene alandire choumba silikhala lamtendere nthawi zonse. Ku Karonga, mu Cultural and Museum Centre imene inatsegulidwa mu 2004, muli Malawisaurus woumbidwa potengera mafupa amene anakumbidwa m'boma lomwelo, ndipo ana asukulu amamuona ataima chilili. Ku Zambia nkhani ndi ina. Chigaza cha munthu wakalekale chimene chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 chili mu Natural History Museum yomweyi ku London, pamene Zambia ili ndi choumba chabe. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kuyambira m'ma 1970, ndipo nkhaniyi inafika mpaka ku komiti ya UNESCO yoona za kubweza chuma cha chikhalidwe.

Ku London, pamene Dippy wapulasitala anali ku Coventry, myuziyamu inaimika Diplodocus wina m'munda wakutsogolo mu July 2024. Uyu ndi wachitsulo cha bronze choti chipirire mvula ndi chisanu, ndipo ana asukulu anamutcha Fern.