Lero mapointi 26, mawa 4: timuyeze bwanji wosewera wotere?

Timu iliyonse ya basikete ili naye mmodzi. Ku Ulongwe aliko, ku Moatize aliko, mumzinda wa Tete ndiye osanena. Loweruka lino chilichonse chimene waponya chikulowa, wotchinga awiri akumulephera, ana akumuperekeza mpaka pakhomo pa kwawo. Loweruka linalo mpira ukungomenya chitsulo, akulandidwa mpira pakati pa bwalo, wakwiyira woyimbira, ndipo pofika kota yachitatu ali pa benchi nkhope ili m'malaya. Ochemerera amagawikana pawiri. Ena amabwera kwa ine gemu itatha: "Aphunzitsi, mwanayu mukumuponderezeranji? Muzimusiya asewere." Ena amakuwa gemu ili mkati: "Mutulutseni ameneyo, watidyetsa!" Sipalephera munthu wina wonong'ona kuti mwanayo amumanga miyendo.

Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa achinyamata masewerawa, ndipo ndikafunsidwa ngati wosewera wotereyu ali wabwino kapena ayi, mapointi ake ndimawayang'ana pomalizira. Chifukwa chake chili m'masamu ophweka.

Tiyerekeze mnyamata amene amaponyera kutali, kuseri kwa mzere wa mamita 6.75 kumene mpira ukalowa ndi mapointi atatu, uja anyamata amati tiripulo. Pa mipira 100 amalowetsa 35. Ameneyo ndi woponya wabwino ndithu, timu iliyonse m'chigawo chino ingamufune. Ngati pa gemu amaponya mipira 6 yotere, masamu akuti pafupifupi gemu imodzi mwa zitatu zilizonse adzalowetsa umodzi wokha kapena osalowetsa n'komwe. Gemu imodzi mwa 13 adzaphonya yonse 6. Gemu imodzi mwa 8 kapena 9 adzalowetsa 4 kapena kuposa, n'kutuluka m'bwalo atamunyamula. Munthuyo ndi yemweyo, mkono womwewo, sanadwale ndipo palibe anamulodza. Ndi mmene mipira yakutali imagawikira basi. Vuto lathu kuno n'lakuti mipikisano ya masukulu ndi ya m'maboma imakhala ndi magemu ochepa, ndiye timagamula mlandu wa mwana titamuona katatu.

Ngakhale akatswiri zimawagwera. Mu 1994, pa fainolo ya magemu asanu ndi awiri ya NBA, ligi yaikulu ya basikete ku America, pakati pa New York Knicks ndi Houston Rockets, John Starks wa Knicks anagoletsa mapointi 27 m'gemu yachisanu ndi chimodzi. M'gemu yachisanu ndi chiwiri, imene inali yogamula chikho, anaponya mipira 18 n'kulowetsa iwiri yokha. Ya mapointi atatu anaponya 11, yonse kunja. Knicks inagonja 90 kwa 84, ndipo mpaka lero anthu amakanganabe ngati mphunzitsi wake, Pat Riley, anachita bwino kumusiya m'bwalo. Starks chaka chomwecho anali atasankhidwa pakati pa osewera opambana a ligi yonse.

Avereji nayo imabisa zambiri. Osewera awiri akhoza kukhala ndi avereji ya mapointi 15, wina akugoletsa 14, 16, 15, winayo 26, 4, 15. Mlimi wa ku Angonia amazidziwa izi: minda iwiri ikhoza kulandira mvula yofanana pa chaka, koma wina inagwa pang'onopang'ono kuyambira Disembala mpaka Malichi, winawo inakhuthuka sabata imodzi kenako ng'amba. Komabe pa basikete sindinganene kuti wokhazikikayo ndiye wofunika nthawi zonse. Ngati timu yanu ndi yamphamvu kuposa anzanuwo, mukufuna wa 15 tsiku lililonse, chifukwa chimene chingakugwetseni ndi tsiku loipa lokha. Koma ngati mwakumana ndi timu yokuposani, monga zimakhalira ana athu akakumana ndi a ku Beira kapena ku Maputo, wa 15 uja adzakuthandizani kugonja mwaulemu. Amene angakupambanitseni ndi wa 26 uja, tsikulo likakhala lake. Pa mpikisano wa ndigonje-nditulukemo, timu yofooka imene yasiya wosewera wotere kunyumba yadzitsekera yokha khomo limodzi limene inali nalo.

Ndiye ndimayang'ana chiyani? Ndimapatsa mwana mmodzi wa pa benchi kope ndi pensulo. Amajambula theka la bwalo, ndipo mpira uliwonse umene mnyamata wathu waponya amaika chizindikiro pamene anaimapo: kabwalo ngati walowa, kamtanda ngati waphonya, ndi kamzere pansi ngati panali munthu womutchinga pamaso. Pakatha magemu angapo pepalalo limayankhula. Mipira 100 ya mapointi atatu, ikalowa 35, imabala mapointi 105. Mipira 100 ya pansi pa mkombero, ikalowa 55, imabala 110. Koma pali mpira wina umene ana aluso amaukonda kwambiri: wanjanjitsa kawiri, wabwerera m'mbuyo, phazi laponda mzere, waponya atapendekera kumbuyo munthu ali pamphuno. Ukalowa bwalo lonse limaimirira. Koma ndi wa mapointi awiri okha, ndipo ngakhale alowetse 38 pa 100, wabweretsa 76. Ngati timitanda ta mnyamatayo tadzaza pamalo abwino, popanda womutchinga, ndimamusiya. Mpirawo udzalowa. Ngati tadzaza pamalo a 76 aja, vuto si mwayi, ndi kasankhidwe, ndipo limeneli limatheka kulikonza.

Ndimayang'ananso kumene mpira ukumenya. Ukamamenya kutsogolo kwa mkombero, makamaka kota yachinayi, miyendo yatha. Akuponya ndi mikono yokha. Ukamapita kumanzere lero, kumanja mawa, yang'anani mapazi ndi chigongono, mupeza kuti saima mofanana kawiri. Ndipo pali mayeso amodzi osanama, mipira ya faulo, ija munthu amaponya ataima pa mzere akamuchitira faulo. Pamenepo mtunda susintha, womutchinga palibe, mkombero uli pa mamita 3.05 monga mwa masiku onse. Wosewera amene pamzerewu amalowetsa mofanana gemu iliyonse, mkono wake ulibe vuto. Amene lero walowetsa 8 pa 9, mawa 2 pa 8, pali china chikusokonekera m'kaponyedwe kake, m'thupi kapena m'mutu.

Koma chimene chimandiuza zambiri kuposa zonsezi ndi masekondi atatu otsatira akangophonya. Tsiku lina mukapita kubwalo, musatsate mpira ndi maso. Khalani pa iyeyo. Alipo amene amaima pomwepo dzanja lili m'mwamba, kenako n'kutembenukira kwa woyimbira akuloza pamkono kuti amumenya. Nthawi imeneyo munthu amene amayenera kumumaka wadutsa kale pakati pa bwalo, ndipo anzake anayi akulimbana ndi anthu asanu. Kuphonya kumodzi kwabala mapointi awiri a adani. Akabwerera mochedwa chotero amafika ndi mkwiyo, n'kumenya dzanja la munthu popanda chifukwa. Mafaulo asanu ukutuluka, ndipo ambiri mwa ana amenewa amawononga awiri kapena atatu pa mkwiyo wokha. Alipo wina amene akaphonya amakhala woyamba kutembenuka, amafika kumbuyo asanafike aliyense, akukuwira anzake kuti "wanga uyu, tenga uyo!", ndipo mpira wa adani ukamenya chitsulo amakhala atatsekereza kale munthu wake ndi msana.

Awiriwa papepala la mapointi amaoneka ofanana, onse 26 lero, 4 mawa. Kwa ine ndi anthu osiyana kotheratu. Gemu ili ndi mphindi 40, makota anayi a mphindi 10, anthu khumi ndi mpira umodzi. Ngakhale katswiri wa timu amakhala ndi mpira m'manja mphindi zochepa chabe. Nthawi yotsalayo akusewera wopanda mpira. Kuthamangira kumbuyo, kumaka, kudumphira mpira wonjanja, kupatsira mnzake amene ali poyera, zonsezi sizidalira kuti wadzuka bwanji. Wachiwiriyu tsiku lake loipa amakhalabe wothandiza. Woyambayo tsiku lake loipa timasewera ngati tilipo anayi, ndipo choipa n'chakuti wachisanuyo akutenganso mipira ya anzake.

Amene amatsata NBA amamudziwa J.R. Smith. Mu 2013, ali ku Knicks, analandira mphoto ya wosewera wopambana mwa olowa kuchokera pa benchi. Ku Cleveland Cavaliers anamupatsa ntchito yopapatiza: ima poyera, ponya, maka munthu wako. Mu 2016, m'gemu yomaliza ya fainolo, Golden State Warriors ikutsogola, Smith anagoletsa mapointi 8 mofulumira kumayambiriro kwa kota yachitatu, ndipo Cleveland inatenga chikho 93 kwa 89. Mu 2018, gemu yoyamba ya fainolo, matimu omwewo ali 107 kwa 107, patatsala masekondi osakwana asanu, Smith anagwira mpira umene mnzake George Hill anaphonya pa faulo. M'malo moponya anathawa nawo kulowera pakati pa bwalo mpaka nthawi inangotsala pang'ono kutha. LeBron James, katswiri wa Cleveland, anagoletsa 51 usiku umenewo, koma Cleveland inagonja pa nthawi yowonjezera. Amene amangokumbukira 2018 amati Smith anali mtolo. Ine ndimati Cleveland inadziwa chimene inagula, inamuchepetsera zosankha, ndipo inadya zonse ziwiri, chikho ndi manyazi.

Kwathu kuno pali zina zimene osewera a ku America sakumana nazo, ndipo mphunzitsi amene sazifunsa amaweruza molakwa. Mwana wakulira ku Ulongwe kapena ku Tsangano, kumtunda kozizira. Wakwera chapa (minibasi) mbandakucha atangomwa tiyi, watsikira m'chigwa cha Zambezi mwezi wa Okutobala, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo akumuuza kuti asewere pa simenti dzuwa lili paliwombo. Woyamba kufooka ndi woponyera kutali, chifukwa mpira wake umachokera m'miyendo. Mabwalo athu ambiri ndi apamtetete. Mphepo siisokoneza munthu woponyera pansi pa mkombero, koma imakhotetsa mpira wa mamita 7. Kusukulu amaphunzirira mpira wa labala wotha mabampu, ku mpikisano akupeza wachikopa. Wina wangochira malungo, wina sabata yonse anali kukumba mbatatesi, wina watalika mwadzidzidzi chaka chino ndipo manja ake sanazolowere thupi latsopanoli. Funso langa loyamba kwa mwana amene zamukanika silikhala la basikete. Ndimafunsa kuti wadya chiyani ndipo wagona nthawi yanji.

Ndakhala ndikunena za mnyamata, koma zonsezi n'za atsikananso, ndipo dzina la Mozambique pa masewerawa alikweza kwambiri ndi amayi: Clarisse Machanguana anafika mu WNBA (ligi ya amayi ya ku America), timu ya dziko inafika mu fainolo ya Afrika mu 2013 ku Maputo, ndipo Ferroviário de Maputo yatengapo chikho cha makalabu a amayi mu Afrika. Kwa anyamata, Ferroviário de Maputo inasewera mu BAL, ligi ya makalabu a mu Afrika, mu 2021 ku Kigali, kenako Ferroviário da Beira inatsatira. Kumeneko n'kumene ana athu amalakalaka kukafika, ndipo kumeneko aliyense amatha kugoletsa 26 tsiku lake labwino. Kumudzi mwana waluso amakhululukidwa ulesi wotchinga chifukwa palibe wina wofanana naye. Akafika kumene ofanana naye alipo khumi, malo amapita kwa amene amamaka.

Zimene ndimachita naye n'zochepa. Ndimamuuza gemu isanayambe, anzake akumva: "Iwe, ukaphonya uli poyera sindikutulutsa, ngakhale kasanu. Ukaphonya n'kuima, ukubwera kudzakhala pano ndi ine." Mphunzitsi amene amatulutsa mwana chifukwa chophonya amamuphunzitsa kuponya akuyang'ana ku benchi, ndipo woponya wamantha amaphonya kuposa kale. Ndimamulamula kuti mipira yake iwiri yoyamba ikhale ya pansi pa mkombero, kuti aone mpira ukulowa kapena apeze faulo asanayambe zakutali. Mpira wopendekera kumbuyo uja ndimaulola pokhapokha masekondi 24 amene timu imapatsidwa kuti iponye mpira akamatha ndipo palibenso china. Nthawi zambiri ndimamuyambitsira pa benchi n'kumulowetsa kota yoyamba ikamatha, adani atayamba kutopa. Makolo ena amaona ngati ndamunyoza mwana wawo, ndipo ndimayenera kukhala nawo pansi kuwaonetsa kope lija.

Msinkhu umasintha chigamulo. Wa zaka 15 ndimamupirira kwambiri, chifukwa kasankhidwe ka mipira ndi kudziletsa zimabwera mochedwa kuposa luso la manja. Wa zaka 24 amene akuimabe dzanja m'mwamba kudikira wezulo, nyengo yonse yatha tikuuzana chimodzimodzi, sindimuyembekezeranso kusintha. Sindimuchotsa m'timu. Ndimamusunga kuti ndidzamulowetse tikakumana ndi otiposa kapena tikatsalira ndi mapointi 12 kota yachitatu, koma mphindi ziwiri zomaliza za gemu yothinana zimapita kwa wa 15 uja.