Selo limadziwa bwanji nthawi yogawikana?

Mayi wina wa ku Bembeke anandifunsa nditangomuyeza khomo la chiberekero: "Adokotala, kachilombo kosaoneka ndi maso kangabale bwanji chotupa?" Pamzere panali anthu ambiri, ndiye ndinamuyankha mwachidule. Lero ndifotokoze bwino.

Yankho likuyambira pa maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu. Selo likamagawikana limakhala awiri, koma silichita chisawawa. Liyenera kukopera kaye makromozomu ake onse 46, timitolo ta DNA mmene muli malangizo oyendetsera selo, apo ayi maselo atsopanowo atuluka opunduka. Imene imalamula kuti nthawi yakwana ndi puloteni yotchedwa CDK1. Imakhalamo nthawi zonse, koma ntchito imagwira pokhapokha itagwirana ndi inzake, cyclin, imene wasayansi Tim Hunt anaitulukira mu 1982. Ngakhale zigwirane, puloteni ina, Wee1, imamata kachidutswa ka fosifeti pa CDK1, ngati mwala umene dalaivala wa lole ya kachewere amaika kutayala pamtsetse wa ku Tsangano. Zonse zikakhala m'malo, Cdc25 imachotsa mwalawo, ulendo n'kuyambika. Dzina loti Wee1 limandiseketsa: ku Scotland "wee" ndiye kuti kakang'ono, chifukwa wasayansi Paul Nurse anaona kuti yisiti wopanda puloteniyi amagawikana msanga asanakule. Hunt, Nurse ndi Leland Hartwell analandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Chidindo china ndi choopsa kuposa fosifeti. Puloteni imene ntchito yake yatha imamatidwa tizidutswa ta ubiquitin, ndipo selo likaziona limaiphwanya. Cyclin imathera pomwepo. Fosifeti ingamatidwe n'kuchotsedwa kambirimbiri, koma chophwanyika sichibwerera, n'chifukwa chake selo silibwerera m'mbuyo lili pakati pogawikana.

Apa ndi pamene HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, amalowera. M'selo muli mlonda, p53, amene amaimitsa zonse akaona kuti DNA yawonongeka. Kachilomboka kamapanga puloteni yake, E6, imene imachititsa kuti mlondayo adindidwe ubiquitin alibe mlandu. Akaphwanyidwa, selo lolakwika limangogawikana popanda woliletsa. Zimatenga zaka zambiri, nthawi zambiri zoposa 10, kuti khansa ioneke, ndipo mpata umenewu ndi umene timapezerapo mwayi tikamayeza amayi ndi viniga. Katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Malawi mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, amatsekereza kachilomboka kasanafike n'komwe kwa mlondayo.

Mayi uja ndinamupeza alibe vuto. Anati mwana wake wamkazi ali sitandade 4, ndipo anafunsa tsiku la katemera.