Mwakwatira wa ku Mchinji? Ana ndi nzika kale, koma amayi awo akadali mlendo

Kuno ku Chipata kukwatirana ndi munthu wa ku Malawi kapena ku Mozambique si nkhani olo pang'ono, nanga si ndife amodzi, mwezi wa August timakakumana tonse ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, a ku Mchinji, a ku Kasungu, a ku Tete, ndipo palibe amene amafunsa mnzake za pasipoti. Ku Vubwi kuli midzi yoti munda uli Zambia, chigayo chili Malawi. Ndiye ndikamauza abambo amene amabwera ku ofesi kwanga kudzafunsa za malamulo kuti akazi awo amene akhala nawo zaka 10, abereka nawo ana anayi, pamaso pa boma akadali mlendo wongocheza, ena amaseka ena amakwiya ndithu, amati nanga malowolo ndinaperekera chiyani. Malowolo munapereka inde, apongozi analandira, koma a Immigration sanali pa mwambowo.

Munthu wa ku Malawi safunika viza kuti alowe Zambia, akafika pa Mwami kapena pa Lusuntha ku Lundazi amangomudindira mu pasipoti basi. Koma chidindo chija ndi cha mlendo, ndipo mlendo wamba amaloledwa masiku 90 okha pa miyezi 12. Ya border pass ija ndiye yochepa kwambiri, ndi yopitira ku maliro kapena ku msika nkubwerera. Masiku akatha munthu ali konkuno ndiye kuti akukhala mozemba, akhoza kugwidwa pa rodibuloko pa Great East Road popita ku Katete, kulipitsidwa, kapena kuperekezedwa mpaka pa boda, ndipo kuuza ofisala kuti ndine mkazi wa a uje a ku Kapata sikuthandiza ngati mulibe pepala.

Pepala lake ndi spouse permit, imene inaikidwa mu lamulo la Immigration and Deportation Act la 2010. Imaperekedwa kwa mlendo amene ali pa banja ndi nzika ya Zambia, ndipo sinena kuti mkazi yekha ayi, mkamwini wochokera ku Malawi amene anamanga kwa akazi ake ku Chadiza nayenso ndi yomweyo. Masiku ano mumapempha pa intaneti, pa webusaiti ya a Immigration, ndipo zazikulu zimene amafuna ndi pasipoti ya mlendoyo yosatha ntchito, reji (chitupa cha NRC) ya mnzake wa ku Zambia, zithunzi, ndalama yake ndi setifiketi ya ukwati. Pemitiyi imatha, muyenera kuiwonjezera tsiku lisanakwane, ndipo munthu akakhala nayo zaka 5 mosadukiza atha kupempha residence permit, yokhala nayo mpaka kalekale. Ya ntchito ndi pemiti ina, choncho musanathamangire kukalembedwa ntchito pa sukulu ya private kapena pa lodge werengani zimene zalembedwa pa pemiti yanuyo.

Anthu ambiri amagwera pa setifiketi ya ukwati, ndiye pamenepa ndichedwapo.

Ukwati wa mwambo, wa ankhoswe, ndi ukwati weniweni mu Zambia, lamulo limauzindikira, musalole wina akunamizeni kuti ndi wachabe chifukwa simunavale velo. Vuto ndi loti ofisala amene akuyang'ana fomu yanu pa kompyuta ku Lusaka sangaitane ankhoswe anu kuti awafunse. Ndiye mumapita ku Local Court ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, akachitire umboni kuti mwambo unatsatidwa, nkukupatsani setifiketi. Pitani ankhoswewo akadali moyo ndipo mukugwirizana nawo, chifukwa ndaonapo mayi wamasiye akuzungulira mudzi wonse kufuna woti akamuimire, a kuchimuna atamutembenukira kale chifukwa cha ng'ombe za malemu.

Njira ina ndi ya ku khonsolo, ku Civic Centre, pansi pa Marriage Act. Mumapereka notisi, imakhomedwa masiku 21 kuti ngati pali wotsutsa atsutse, kenako mumakalumbira. Setifiketi ya ku khonsolo ndi imene imayenda mosavuta mukafuna kupita nayo kunja. Koma abambo mvetsani bwino apa, ukwati umenewu ndi wa mkazi mmodzi. Simungakhale ndi wa ku khonsolo ku Chipata kenako nkukalembetsanso wina ku Lilongwe kapena ku Johannesburg poganiza kuti boma la kuno silidziwa, wachiwiriyo si ukwati, ndi mlandu woti munthu amapita nawo ku ndende, ndipo mkazi wachiwiriyo pemiti sangapeze pa pepala limenelo. Za ku tchalitchi nazonso funsani abusa mosachita manyazi ngati akumangitsa ukwati wa lamulo kapena akungodalitsa, chifukwa mipingo yambiri ing'onoing'ono imapereka kapepala kokongola ka maluwa m'mbali komwe ku boma sikadziwika.

Za kungolowana, kukhala limodzi popanda ankhoswe popanda khonsolo, apa ndi pamene a ku Malawi amasokonezeka, ndipo sindiwadzudzula. Kwawo lamulo la mabanja la 2015 limalola khoti kunena kuti anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera 5 ngati banja ali pa ukwati. Kuno zimenezo kulibe. Olo mukhale zaka 20, mumange nyumba ya malata ku Mchini, makhoti a Zambia amati kukhala limodzi si ukwati. Komanso kuyambira December 2023 ukwati uliwonse woti mmodzi sanafike zaka 18 ndi wosavomerezeka, olo wa mwambo, ndiye zija zokatenga kamtsikana tsidya lija nkumati kwathu timatero zinatha.

Ngati munakwatirana kunja, mwachitsanzo kwa DC ku Malawi, ku Home Affairs ku South Africa kapena ku Tete, nthawi zambiri ukwati umene unamangidwa motsata lamulo la kumeneko kunonso ndi ukwati, simufunika kubwereza. Chimene chimafunika ndi kutsimikizira kuti pepalalo ndi lenileni, lidindidwe ndi akuluakulu oyenera a dziko limenelo musanabwere nalo, ndipo la ku Mozambique popeza ndi la Chipwitikizi liyenera kumasuliridwa mu Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka, osati mlamu wanu amene amagulitsa zitenje pa Chanida. Muyang'anenso maina. Pasipoti ikuti Jere, setifiketi ikuti Jele, kapena chaka chobadwa chasiyana ndi chimodzi, fomu imabwezedwa, ndipo kukonza pepala la ku Malawi muli kuno ndi ulendo wina ndi ndalama ina.

Tsopano za ana, ndipo apa pali nkhani yabwino imene makolo ambiri saidziwa. Malamulo aakulu a dziko amene anasinthidwa mu January 2016 amati mwana wobadwira mu Zambia ndi nzika ngati pa tsiku lobadwa kholo limodzi lokha ndi nzika, ndi Article 35 imeneyo. Kholo limodzi, kaya bambo kaya mayi. Safunsa ngati makolowo anali pa ukwati, safunsa ngati malowolo anatha, safunsa ngati mayiyo anali ndi pemiti. Article 36 imati wobadwira kunja nayenso ndi nzika ngati kholo limodzi ndi nzika yobadwa nayo kapena yotengera kwa makolo ake. Ndiye mayi akapita kukachilira kwa amayi awo nkuberekera pa chipatala cha Mchinji, mwanayo ndi wa Zambia chimodzimodzi ndi mkulu wake amene anabadwira pa Chipata Central. Ndipo alongo athu amene anabereka ndi amuna a kunja asamauzidwe kuti mwana amatsata bambo, zimenezo si za lamulo la pano.

Koma kubadwira kuno pakokha sikupereka unzika. Bambo ndi mayi onse a ku Malawi amene anabwera kudzalima fodya pa famu ku Chipangali, mwana wawo olo abadwire konkuno, aphunzire konkuno, ayankhule Chingoni cha kwa Mpezeni, ndi wa ku Malawi. Chimene ali nacho ndi ufulu wopempha kulembetsedwa ngati nzika akafika zaka 18. Ku South Africa nakonso ndi chimodzimodzi, kuberekera ku Johannesburg sikupangitsa mwana kukhala wa kumeneko ngati nonse ndinu alendo, ndiye mukamulembetse ku ofesi ya kazembe wa Zambia ku Pretoria asamakule opanda dziko. Lamulo lathu limaganiziranso mwana wotoledwa, wooneka kuti sanapitirire zaka 8 ndipo makolo ake sakudziwika, ameneyo amatengedwa ngati nzika, ndipo mwana wa kunja amene nzika yamutenga kudzera ku khoti kuti akhale wake amakhala nzika kuyambira tsiku lomwelo.

Kale mwana wa makolo a maiko awiri ankayenera kusankha akakula. Kuyambira 2016 Zambia imalola unzika wa maiko awiri, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Malawi nayo inavomereza mu December 2018, choncho mwana wa bambo wa ku Katete ndi mayi wa ku Dedza sayeneranso kutaya mbali ina.

Kukhala nzika ndi china, kukhala ndi umboni ndi chinanso. Mwana akafika zaka 16 akufuna reji, a National Registration adzafunsa reji ya kholo limene ndi la Zambia, mudzi, mfumu. Ngati bamboyo anamwalira kapena anathawira ku Copperbelt ndipo dzina lake silinalembedwe paliponse, mayi wa ku Malawi amatsala ndi kadi ya sikelo yong'ambika, azibale a bambo akukana kusaina. Kadi ya sikelo si setifiketi ya kubadwa. Kalembetseni mwana akadali wakhanda, abambo apite okha ndi reji yawo dzina lawo lilowe, ndipo wobadwira ku Malawi mutengere setifiketi ya kumeneko musanawoloke.

Ena amandifunsa za ku UK popeza manesi athu ambiri ali kumeneko. Mwachidule, amene wakwatiwa kapena kukwatira nzika ya Britain, mnzakeyo ayenera kuonetsa kuti amalandira mapaundi 29,000 pa chaka kuyambira April 2024, ndipo inu mulembe mayeso a Chingerezi ndi kupimidwa TB. Amene anapita pa viza yosamalira okalamba kuyambira March 2024 saloledwa kuitana mkazi, mwamuna kapena ana. Mwana wobadwira kumeneko nayenso sakhala wa Britain chifukwa chongobadwirako, zinasiya mu 1983.

Tibwerere kwathu, ku chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. M'midzi ya m'malire njira yachidule imene anthu amakonda ndi yoti a kalembera wa reji akabwera pa sukulu, apongozi amatenga mtengwa wawo nkukanena kuti uyu ndi mwana wanga wobadwira pano, anyakwawa nkuvomereza, mayi uja nkutuluka ndi reji yobiriwira, aliyense nkusangalala kuti tsopano azilandira feteleza wa FISP. Ndikumvetsa chifukwa chake, pemiti ndi ndalama, pasipoti ndi ndalama, ndipo kwa mlimi wa chimanga ndi nyemba za soya intaneti ya a Immigration ili kutali. Koma reji imeneyo ndi mlandu, kwa mwini wake ndi kwa amene anamuchitira umboni, ndipo malamulo amati unzika wopezeka mwachinyengo umalandidwa. Nthawi zambiri amene amakaulula si wapolisi ayi, ndi mkazi mnzake, ndi mlamu pa nthawi yogawana chuma cha masiye, ndi mwamuna yemweyo banja likavuta. Ndiye ana amene anali nzika bwinobwino kudzera mwa bambo awo amapezeka kuti mapepala awo onse ali ndi nambala ya reji yabodza ya amayi, ndipo pa pepala amayi awo ndi mlongo wa bambo awo.

Chonsecho khomo loyenera lilipo. Article 37 imati munthu amene ali, kapena anali, pa banja ndi nzika kwa zaka zosachepera 5 ali ndi ufulu wopempha ku Citizenship Board of Zambia kuti alembetsedwe, pamene mlendo wamba amadikira zaka 10. Mawu oti anali aja ndi ofunika, akutanthauza kuti mayi wamasiye kapena amene banja linatha sanatsekeredwe kunja. Si kuti zaka 5 zikakwana unzika umangobwera wokha, bodi ndi imene imagamula, ndipo imayang'ana mmene munthu wakhalira m'dziko muno, zaka zokhala mozemba sizimuthandiza. Ndi chifukwa chake ndimaumiriza anthu kuti ayambe ndi pemiti ija olo ikuoneka ngati kutaya ndalama. Za malo nazonso zimalowa pomwepa, lamulo la malo la 1995 sililola mlendo wamba kutenga taitolo, koma wokhala ndi residence permit ija amaloledwa.

Ngati muli nayo kale reji yachinyengo ija, musakapemphere pasipoti ndipo musalembetsere mwana wina aliyense. Musapitenso kwa anyamata oyimirira panja pa maofesi amene amati ali ndi munthu wawo mkati. Kaonaneni kaye ndi loya, kapena a Legal Aid Board ngati ndalama palibe, mutatenga chitupa chanu cha ku Malawi, setifiketi ya ukwati ndi mapepala a ana onse.