Namondwe: Uthenga kwa Mabanja Okhala M'mphepete mwa Nyanja

Anthu ambiri akamva za namondwe amaganiza za mphepo yosasula madenga. Mphepoyo ndi yoopsadi, chifukwa namondwe wamkulu amawomba pa liwiro la makilomita 119 pa ola kapena kuposa apo. Koma chimene chimapha anthu ochuluka ndi madzi. Mphepo imakankha madzi a m'nyanja n'kuwaunjika kugombe, ndipo amalowa kumtunda atakwera mamita angapo. Mu 2005, namondwe wa Katrina anakweza madzi ndi mamita oposa 8 kugombe la Mississippi ku America. Mu 2013, Haiyan anapha anthu oposa 6,000 ku Philippines, ndipo mzinda wa Tacloban unamira ndi madzi oterewa. Nyumba yolimba ingapirire mphepo, koma singaletse nyanja kulowa pakhomo.

Namondwe amayambira panyanja yaikulu yamchere pamene madzi afunda kufika madigiri 26 kapena 27, n'chifukwa chake ali ndi nyengo yake. Ku nyanja ya Atlantic amabwera kuyambira June mpaka November, pomwe kumwera chakumadzulo kwa Indian Ocean amabwera kuyambira November mpaka April. Kukonzekera kumachitika nyengoyi isanafike.

Nyengo isanayambe

Khalani pansi monga banja n'kugwirizana kumene mudzathawire. Akhale malo okwera, kutali ndi gombe ndi mitsinje, ndipo aliyense, ngakhale mwana, adziwe njira yake. Gwirizananinso za amene adzanyamule khanda, amene adzathandize agogo kapena wachibale wolumala, ndi malo okakumana mukasiyana. Mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira asamukire pafupi ndi chipatala msanga.

Sungani madzi akumwa okwana malita 4 pa munthu aliyense patsiku, a masiku atatu kapena kuposa, pamodzi ndi chakudya chosafuna kuphika. M'chikwama chimodzi muikemo tochi, wailesi ya mabatire, sopo, klorini, mapaketi a ORS (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi) ndi mabandeji. Ziphaso ndi mabuku a kuchipatala zikulungeni m'pulasitiki.

Chimene mabanja ambiri amaiwala ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku. Odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, chifuwa chachikulu, komanso amene amamwa ma ARV, akatengeretu mankhwala okwanira sabata imodzi kapena ziwiri. Milatho ikakokoloka, chipatala cha pafupi chimasanduka cha kutali.

Chenjezo likaperekedwa

Akuluakulu akalengeza kuti anthu asamuke, nyamukani nthawi yomweyo, kudakali kowala. Kudikira kuti muone kaye ngati zilidi zoona ndi kumene kwaphetsa anthu ambiri, pakuti madzi amatseka misewu mphepo yamphamvu isanafike n'komwe. Asodzi asalowe panyanja, ndipo boti likamangidwa bwino musabwererenso kukaliona.

Musayende kapena kuyendetsa galimoto m'madzi osefukira. Madzi othamanga ozama masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 60 amakokolola galimoto. Ngati namondwe wakupezani m'nyumba, khalani m'chipinda chamkati chopanda mawindo. Madzi akayamba kulowa, zimitsani magetsi pa switchi yaikulu ngati pamalopo pali pouma, kenako kwerani pamalo okwera.

Mphepo ikangoti zii mwadzidzidzi, mwina dzuwa n'kuwala, musatuluke. Pakatikati pa namondwe pamakhala bata, ndipo pakadutsa pamenepo mphepo imayambiranso ndi mphamvu yomweyo, koma kuchokera mbali ina. Dikirani wailesi ilengeze kuti zatha.

Namondwe akadutsa

Apa ndi pamene matenda amayambira. Madzi osefukira amasakanikirana ndi zam'zimbudzi n'kulowa m'zitsime. Namondwe wa Idai atawomba mzinda wa Beira ku Mozambique mu March 2019, kolera inabuka pasanathe milungu iwiri. Madzi onse akumwa muziwawiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi, kapena kuthiramo klorini motsatira malangizo a pabotolo. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo chakudya chimene chakhudzidwa ndi madzi osefukira chitayeni, ngakhale chikuoneka bwino. Munthu akayamba kutsekula m'mimba mwamadzimadzi, mupatseni ORS pomwepo uku mukupita naye kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Jenereta kapena mbaula ya makala musayatsire m'nyumba kapena m'galaja. Zimatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu, moti banja lonse likhoza kufera kutulo. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchokera pa zitseko ndi mawindo. Wina akamva mutu, chizungulire ndi nseru pamene jenereta ikulira, tulukani nonse panja msanga.

Waya wamagetsi wogwa muziutenga ngati wamoyo, ndipo musaponde madzi amene wagweramo. Pochotsa zinyalala valani nsapato zolimba, chifukwa malata ndi misomali zimacheka, komanso njoka zimabisala m'zigumuka. Bala lililonse litsukeni ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo likakhala lakuya kafunseni za katemera wa kafumbata. Kumadera a malungo, zithaphwi zotsala zimachulukitsa udzudzu pakapita milungu yochepa, choncho gonani m'neti ngakhale muli kumalo othawirako.