“Ankolo, Ndiphunzitseniko”: Kodi Wamatsenga a Manja Ayankhe Chiyani?

Ndikamaliza kusewera pa ukwati kapena pa phwando la ana, ndisanatseke n'komwe chikwama, pamakhala wina amene waima chapambali akundidikira. Kawirikawiri amakhala mwana wa zaka 9 kapena 10, manja ali kumbuyo, maso ali pa chikwamacho. “Ankolo, ndiphunzitseniko kamodzi kokha.” Nthawi zina amakhala bambo wamkulu, botolo lili m'manja, wofuna ndimuuze kumene ndalama yachitsulo ija inalowera. Anzanga a ntchito imeneyi sagwirizana pa yankho lake. Ena amakaniratu kwamtuwagalu, ena amaphunzitsa aliyense wopempha. Ine ndimaphunzitsa, koma pali amene ndimawakana, ndipo chimene munthu wangochiona kumene ndikusewera sindimuphunzitsa.

Ntchito yanga ndi matsenga a manja, ena amati masalamusi. Mulibe mankhwala, mulibe nsupa, ndipo sindinatemere mphini iliyonse. Ndi luso la zala, kuyeserera kwa miyezi yambiri, ndi kudziwa kumene maso a munthu amathamangira akamva mawu kapena akaona dzanja likusuntha.

Lamulo losunga chinsinsi ndi lakale ndipo ndi lolimba. Bungwe la amatsenga la The Magic Circle la ku London, lomwe linakhazikitsidwa mu 1905, lili ndi mawu a Chilatini pa chizindikiro chake otanthauza kuti mamembala ake saulula zachinsinsi. Silinkachita nazo masewera: David Devant, pulezidenti wake woyamba komanso katswiri wotchuka wa nthawi imeneyo, anachotsedwa m'bungwelo m'zaka za m'ma 1930 chifukwa chosindikiza njira za matsenga ake kuti anthu wamba awerenge, ngakhale pambuyo pake anamubwezera ulemu wake. Ku America, pamene wailesi ya kanema ya Fox inayamba mu 1997 kuonetsa munthu wovala chigoba kumaso akuulula mmene amadulira mkazi pakati ndi zina zotero, amatsenga anapsa mtima kwambiri. Munthuyo anadzadziwika kuti anali Val Valentino, wamatsenga mnzawo.

Anthu ambiri amaganiza kuti timabisa pofuna kuteteza nsima yathu basi. Nsimayo ilipodi, sindikana. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti chinsinsi cha matsenga ambiri n'chaching'ono ndiponso chokhumudwitsa. Munthu amene wangoona ndalama ikusowa m'dzanja amakhala ndi kanthu kena m'chifuwa kamene akuluakulu sakamva kawirikawiri, kudabwa konga kwa mwana. Ukamuuza kuti ndalamayo sinachoke n'komwe m'dzanja loyamba lija, nkhope imagwa. “Aa, basi n'zomwezo?” Wamulanda chimene unangomupatsa kumene, ndipo sadzachipezanso akadzaona sewero lomwelo kwa wina. Komanso njira imene ndimagwiritsa ntchito si yanga ndekha. Amatsenga ambirimbiri amadyera njira yomweyo, ndipo masewero ena anawatulukira ndi anthu amene akali moyo, omwe amawagulitsa. Kuulula zimenezo kuli ngati kugawa mbuzi ya mnzako.

Komatu palibe wamatsenga amene anabadwa akudziwa. Tonsefe pali amene anatigwira dzanja, kapena buku limene tinaliwerenga mpaka kuthothoka masamba. The Magic Circle yomweyo ili ndi kalabu ya achinyamata kumene amaphunzitsa ana. Ku Cape Town kuli sukulu yotchedwa College of Magic, imene David Gore anayambitsa mu 1980, ndipo ana ochokera m'madera ngati Khayelitsha amapita kumeneko kukaphunzira. Palibe amene amati sukuluyi ikuswa lamulo. Chimene lamulo limaletsa ndi kuulula, ndiko kutaya chinsinsi pamaso pa anthu amene sanachipemphe ndipo sachita nacho kanthu. Kuphunzitsa ndi kupereka chinsinsi kwa munthu amene wavomera kuchisenza, kuchiyeserera ndi kuchisunga. Ife Achewa sitifunika kutifotokozera kwambiri kusiyana kumeneku. Za kudambwe zimaphunzitsidwa chaka ndi chaka, ndipo n'chifukwa chake gule akalipo, koma sazilengeza pamsika.

Ndiye munthu akandipempha, ndimamvetsera mmene wafunsira. Wina amati, “Mwapanga bwanji?” Wina amati, “Ndingaphunzire bwanji?” Woyambayo chikumuvuta n'chakuti pali chimene sakuchimvetsa, ndipo akangomva yankho amachoka, mawa waiwala kapena wauza aliyense. Wachiwiriyo akufuna kuti iyenso adzaime pamaso pa anthu. Ana amasakaniza mafunso awiriwa, choncho ndimawayesa. Ndimati, “Dikira ndimalize kulongedza, ukandipeze pakhonde paja.” Amene amangofuna yankho amathamangira keke. Amene ndimamupeza pakhonde, patatha mphindi 20 akudikirabe, ameneyo ndimamuphunzitsa.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndikungoyamba kumene ntchito, pa ukwati wina, bambo wina anandikakamira kuti ndimuonetse mmene ndinasowetsera ndalama ya K10. Anali wamkulu kwa ine, ndipo ndinachita manyazi kumukana. Ndinamuonetsa. Sipanathe mphindi zisanu, anali atazungulira matebulo atatu akufuula kuti, “Muziyang'ana dzanja lamanzere!” Nditafika pa tebulo la ana, onse maso anali pa dzanja lamanzere. Chimene chinandipweteka si kuti anandigwira, koma kuti ana aja sanaone kanthu madzulo amenewo. Kuyambira tsiku limenelo, chimene ndasewera pa malo sindichiphunzitsa pa malo omwewo. Ndimayenda ndi kasewero kamodzi kapena tiwiri tapadera, tosakhala m'pulogalamu yanga, takale kwambiri ndipo topezeka m'mabuku a oyamba kumene. Timeneti n'timene ndimagawa.

Kamene ndimakonda kuphunzitsa ndi ka kamphira komangira ndalama, chifukwa kamapezeka pa okala iliyonse. Ndikulembani pano monga ndimaphunzitsira pakhonde, popeza amene awerenge ndime ino mpaka kumapeto n'kukatenga kamphirako wadikira kale mphindi zake. Lowetsani kamphira pa zala ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, katsike mpaka patsinde pa zalazo. Chikhatho chiyang'ane kwa inu, kumbuyo kwa dzanja kuyang'ane kwa woonera. Ndi dzanja linalo kokani kamphirako chakwa inu, ngati mukungoonetsa kuti n'kolimba. Pamene mukukunga chibakera, nsonga za zala zonse zinayi zilowe m'kati mwa kamphira kamene mwakokako, kenako kasiyeni kagone pa zalazo chapafupi ndi zikhadabo. Woonera akuonabe kamphira kali pa zala ziwiri zoyamba zija. Mukatambasula zala, kamadumphira kokha pa chala cha mphete ndi chaching'ono.

Mwadziwa tsopano, koma yesani muone. Ulendo woyamba zala zimakodwa, kamphira kamathawira pansi, ndipo aliyense amaona pamene mukulowetsa nsonga zija. Chinsinsi chatenga mizere isanu, koma kuti kukoka ndi kukunga chibakera zikhale ngati kusuntha kumodzi kosakayikitsa pamafunika masiku angapo pagalasi. Apa m'pamene pali phindu la kuphunzitsa. Mwana amene wavutika sabata yathunthu ndi kamphira saonanso wamatsenga ngati wonama woyenera kugwidwa. Amayamba kuona ntchito imene ili kuseri, ndipo akadzaonera sewero lalikulu amaombera m'manja kuposa anzake. Ndisanamulole kupita ndimamuuza zinthu zochepa: asaonetse munthu asanakhutire yekha pagalasi, asabwereze kawiri kwa munthu mmodzi chifukwa ulendo wachiwiri maso amadziwa kodikirira, ndipo akafunsidwa asaulule. Ndimamuuzanso kuti akadzandionanso adzandionetse. Ochepa amabweradi, ndipo amenewo ndimawawonjezera kena.

Nanga bambo wa botolo uja? Kumukana mwachipongwe n'kulakwa, chifukwa funso lake ndi njira yake yoyamikirira. Mayankho odzikweza amene amatsenga ena amakonda, onga akuti “simungamvetse”, amachititsa munthu manyazi pamaso pa anzake. Ine ndimati, “Bambo, chimenechi ndiye khasu langa, ndiloleni ndilisunge. Koma taonani ichi.” Ndimamusewerera kena m'manja mwake momwemo. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, aliyense akuseka.

Pali chifukwa china chimene wamatsenga wa ku London sachiganizira kwambiri, koma ife kuno sitingachilambalale. Mawu akuti matsenga kwathu kuno amanyamula zinthu ziwiri, luso la manja ndi zaufiti, ndipo si onse amene amazilekanitsa. Ndinasewerapo pa sukulu ina ya kumudzi, pansi pa mtengo wa mango. Nditatulutsa ndalama kukhutu kwa kamnyamata kena, agogo ena anadzuka n'kukakoka mdzukulu wawo pamzere wakutsogolo. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anamanga ndalama zake pansonga ya chitenje n'kuzigwira zolimba, kuopa chitaka. Mantha amenewa si oseketsa. M'dziko muno okalamba amamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene chifukwa chowaganizira ufiti, ngakhale lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ndikachoka pamalo otero anthu akukhulupirira kuti ndili ndi mankhwala, ndiye kuti ndathirira mantha omwewo, ndipo mawa adzagwera nkhalamba ina yosalakwa.

Nkhaniyi si yachilendo m'mbiri ya ntchito yathu. Limodzi mwa mabuku oyambirira a Chingerezi ofotokoza njira za matsenga a manja, The Discoverie of Witchcraft, analilemba Reginald Scot mu 1584, ndipo iye sanali kufuna kuphunzitsa anthu kusangalatsa maphwando. Ankamva chisoni ndi amayi okalamba osauka amene ankazengedwa milandu ya ufiti ku England, choncho anafotokoza masewero a ndalama, timipira, makhadi ndi mipeni pofuna kuonetsa kuti zimene anthu ankati ndi ntchito za ziwanda zinali zala za munthu. Choncho pamalo pamene ndaona mantha, lamulo la pakhonde lija ndimalisiya. Ndimaphunzitsa kasewero kamodzi pagulu, aliyense akuona, ndipo ndimanena poyera kuti zonse zimene aona lero n'za mtundu womwewo.

Ndipo pali gulu lina la zinsinsi limene sindilisunga ngakhale pang'ono, la anthu amene amagwiritsa ntchito luso lathu pobera anzawo. Wamatsenga wotchuka Harry Houdini m'zaka za m'ma 1920 ankavumbula anthu onamizira kulankhula ndi mizimu ya akufa. Wamatsenga wina, James Randi, mu 1986 anaonetsa kuti mlaliki Peter Popoff, amene ankatchula mayina ndi matenda a anthu ngati wauziridwa, ankamvera mkazi wake kudzera pa kawailesi kam'khutu. Amatsenga sanaone Houdini ndi Randi ngati oswa lamulo, chifukwa wosewera pa siteji amakuuziratu kuti akupusitsa maso ako ndipo iwe wavomera, pamene wakuba amati n'zenizeni.

Kwathu kuno akubawo ndi a juga ya makhadi atatu m'madepoti ndi ochulukitsa ndalama. Wa makhadi amagwira makhadi awiri m'dzanja limodzi, n'kukuonetsa kuti yopambana ili pansi. Poponya, nthawi zina amaponya yapamwamba m'malo mwa yapansi, ndipo diso silisiyanitsa. Kuyambira pamenepo iwe ukutsatira khadi yolakwika ngakhale utayang'anitsitsa bwanji. Anthu amene ukuwaona akupambana pambali pako ndi anzake, ndalamazo zimabwerera m'thumba limodzi madzulo. Wochulukitsa ndalama amayamba ndi zochepa: umupatsa K1,000, aikulunga, atulutsa K2,000 imene anali atabisa kale m'dzanja kapena m'nsalu. Ukabweretsa zambiri, amazikulunga m'kaphukusi pamaso pako, amakuuza kuti utseke maso kapena utembenuke kwa kanthawi, n'kusinthanitsa ndi phukusi lina lofanana lodzaza mapepala. Kenako amakulamula kuti usatsegule mpaka mawa, apo ayi mankhwala asuluka. Mawa limenelo ndi nthawi yake yothawira. Izi uzani aliyense, kutchalitchi, kumzikiti, m'minibasi.

Tsiku la pansi pa mango lija ndinapempha aphunzitsi aakulu kuti andilole mphindi zina khumi. Ndinatulutsa timphira tonse timene ndinali nato n'kugawira ana a kutsogolo, ndipo tinachita pamodzi pang'onopang'ono, chikhatho chili poyera. Kamtsikana kena ka Sitandade 5 n'kamene kanayamba kukhoza, ndipo anzake anakuwa. Kenako ndinapita kwa agogo aja, ndinagwada, n'kuwapempha dzanja. Anakana kawiri. Ulendo wachitatu anatambasula, zala zouma ndi khasu, ndipo ndinawakulungira kamphira ndekha, n'kuwapinda zala chimodzichimodzi. “Tsegulani, agogo.” Kamphira kanadumpha. Anayang'ana dzanja lawo kwa nthawi, kenako anandiyang'ana ine.

“Mwanawe, ndiye kuti ndi zala basi?”

“Ndi zala basi, agogo.”

Anakavula kamphirako, anakamanga pansonga ya mpango wawo, n'kunena kuti akakaonetse anzawo kuchigayo.