Omnivore ndi chani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho

Mawu awa amazunguza ana ambiri mu sayansi, olo akuluakulu omwe, ndiye ndati ndiyankhe mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri.

Kodi omnivore amatanthauza chani?

Ndi chamoyo chomwe chimadya zomera komanso nyama, ndipo thupi lake limatha kugaya zonse ziwiri. Mawuwa anachokera ku Chilatini, omnis ndiye kuti zonse, vorare ndiye kumeza. Anzake ndi herbivore, yodya zomera ngati mbuzi, ndi carnivore, yodya nyama ngati mkango. Chitsanzo musachisake kutali, tayang'anani nkhuku pakhomopo, mmawa yajompha madeya, kenako yathamangitsa chiwala, mvula ikagwa ili pa ngumbi. Nkhumba, khoswe, khwangwala, nyani ndi ife anthu tonse tili mgulu lomweli.

Ndiye kuti imadya chilichonse?

Ayi ndithu. Munthu ndi omnivore koma udzu sangaugaye, ng'ombe imatha chifukwa chifu chake chili ndi zigawo 4 ndipo imabzikula.

Nanga ng'ombe ikamatafuna fupa, yasintha gulu?

Apa mpomwe ambiri amaphonya. Ng'ombe imatero ikasowa mchere wina mthupi monga phosphorus, ndipo mvuu nazo zinaonedwapo zikudya nyama yakufa, koma zonsezi zimakhalabe ma herbivore chifukwa sitiyang'ana zomwe yalawa tsiku limodzi, timayang'ana chakudya chomwe imadalira masiku onse komanso mmene mano ndi matumbo ake alili. Izi zimasiyana ndi zomwe katswiri wofufuza za nyama Jane Goodall anaona ku Gombe, Tanzania mu 1960, pomwe anapeza anyani akuluakulu otchedwa ma chimpanzee akudya nyama, anthu ankaganiza kuti amangodya zipatso ndi masamba basi, koma kunapezeka kuti amachita kusaka ndithu, ndi khalidwe lawo.

Galu ndi mphaka bwanji, sinanga onse amadya nsima?

Galu amagaya nsima bwinobwino, nchifukwa chake ambiri amamuika kwa ma omnivore. Mphaka ndi nkhani ina ndipo apa ndikupempha amene mukuweta mumvetse, thupi lake limafuna chinthu china chotchedwa taurine chomwe chimapezeka mu nyama, mukamangompatsa nsima yokhayokha amatha kuchita khungu komanso kudwala mtima. Muzimuikirako usipa olo pang'ono chonde.

Bwanji panda amalembedwa mu Carnivora chonsecho amadya nsungwi?

Carnivora ndi dzina la mtundu wa nyama monga mikango, agalu ndi zimbalangondo, za chibale, osati za zakudya. Panda wa ku China ndi mbale wa zimbalangondo koma pafupifupi chakudya chake chonse ndi nsungwi.

Munthu amene sadya nyama ndi omnivore?

Mu sayansi eya, thupi lake silinasinthe, mano osongoka ong'ambira ndi aphwatalala operera akadali mkamwa momwemo. Koma pokamba za kadyedwe anthu amagwiritsanso mawuwa posiyanitsa wodya zonse ndi vegetarian, wosadya nyama. Amene wasiyiratu nyama, mazira ndi mkaka afunse kuchipatala za vitamini B12, poti mu ndiwo zamasamba ndi nyemba simupezeka.